Midzi ya m'mbali mwa Mediterranean yayamba kuwerenga alendo

Pakati pa midzi ya Riomaggiore ndi Manarola, kumpoto chakumadzulo kwa dziko la Italy, pali kanjira ka oyenda pansi kosakwana bwino kilomita imodzi, kogobedwa m'thanthwe pamwamba pa nyanja. Eni ake amakatcha Via dell'Amore, kutanthauza njira ya chikondi. Kanjirako kanatsekedwa m'chaka cha 2012 miyala itagumuka kuphiri n'kuvulaza alendo anayi ochokera ku Australia, ndipo panapita zaka 12 kuti katsegulidwenso konse. Pamene chipata chinatsegulidwa mu 2024, malamulo anali atasintha. Munthu sangofika n'kuyamba kuyenda: ayenera kugula tikiti, kusankhiratu ola lake, kuyenda molowera mbali imodzi yokha, ndipo ololedwa kulowa pa ola limodzi sapitirira 400.

Zotere si zachilendonso m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean. Malo amene zithunzi zake zimadzaza makalendala ndi masamba a Facebook ndi Instagram, a nyumba zoyera mbee pamwamba pa phompho ndi madzi a buluu m'munsi mwake, ayamba kuwerenga alendo, kuwalipiritsa pachipata, ndipo nthawi zina kuwabweza kumene. Munthu amene akusunga ndalama kuti tsiku lina akaone malowa, kaya pa tchuthi, pa ulendo wa mpingo wopita ku Rome, kapena pomaliza msonkhano wa kuntchito, ndi bwino amvetse nkhaniyi asanagule tikiti ya ndege. Gwero lake ndi limodzi: midzi yokongolayi inamangidwa ndi anthu osauka, pamalo ovuta, mongokwanira iwo eni, ndipo lero ikulandira anthu mamiliyoni.

Nyanja ya pakati pa mtunda

Dzina lakuti Mediterranean linachokera ku Chilatini ndipo limatanthauza nyanja ya pakati pa mtunda. Yazunguliridwa ndi Ulaya kumpoto, Asia kum'mawa ndi Africa kum'mwera. Mayiko oposa 20 ali ndi magombe ake pamenepo, ndipo asanu mwa iwo ndi a mu Africa: Morocco, Algeria, Tunisia, Libya ndi Egypt. Kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 2.5 miliyoni, moti nyanja ya Malawi ingalowemo maulendo oposa 80. Owerenga Baibulo amaidziwa ndi dzina lakuti Nyanja Yaikulu, ndipo ndi mmenemo momwe chombo chonyamula mtumwi Paulo chinaswekera pafupi ndi chilumba cha Malta.

Khomo lake lachilengedwe lotulukira ku Atlantic ndi limodzi lokha, mpata wa Gibraltar, wa makilomita pafupifupi 14 pamene pali popapatiza kwambiri. Ngalande ya Suez, yotulukira ku Nyanja Yofiira, inakumbidwa ndi anthu ndipo inatsegulidwa mu 1869. Dzuwa limaumitsa madzi ambiri kuposa amene mvula ndi mitsinje monga Nile, Rhône ndi Po imabweretsa, choncho madzi ake ndi amchere kwambiri kuposa a Atlantic. Mulinso tizomera tochepa kwambiri ta m'madzi, tija timadetsa nyanja zina. Kuyera kwa madzi kumene alendo amakutama, koonetsa miyala ya pansi munthu ali m'boti, ndi chizindikiro chakuti nyanjayi ndi yosauka chakudya cha nsomba. Chinanso n'chakuti madzi ake sakwera ndi kutsika kwambiri pa tsiku monga amachitira a ku Beira kapena ku Dar es Salaam. Ichi n'chifukwa chake makolo a kumeneko anatha kumanga nyumba ndi madoko pakamwa penipeni pa madzi.

Phiri logwiridwa ndi manja

Riomaggiore ndi Manarola ndi iwiri mwa midzi isanu ya m'chigawo cha Liguria yodziwika ndi dzina limodzi lakuti Cinque Terre. Inayo ndi Corniglia, Vernazza ndi Monterosso al Mare. Kumeneko phiri limatsikira m'nyanja molunjika, popanda dambo kapena chigwa chotakata. Woona chithunzi amakopeka ndi nyumba za utoto wofiira, wachikasu ndi wapinki zosanjikizana ngati makatoni. Nyumbazo n'zazitali ndi zopapatiza chifukwa panalibe malo athyathyathya oti munthu amangepo motambalala, komanso anthu ankakonda kukhala mothithikana poopa achifwamba apanyanja amene ankaba katundu ndi anthu omwe.

Chodabwitsa chenicheni chili pamwamba pa nyumbazo. Kwa zaka pafupifupi 1,000 anthu a kumeneko akhala akusema phirilo kuti likhale minda yosanjikizana ngati masitepe, munda uliwonse wochirikizidwa ndi khoma la miyala yoyalidwa popanda simenti kapena matope. Makoma onse atalumikizidwa angatalike makilomita zikwi zingapo. Mwala uliwonse unasenzedwa pamutu kapena paphewa. M'mindamo ankalima mphesa, azitona ndi ndiwo zamasamba, ndipo zokolola zinkatsika phiri m'madengu. Khoma lotere limalola madzi a mvula kudutsa pang'onopang'ono m'mipata ya miyala, koma dothi limaligwira. Makomawa ndi amene amaletsa phiri kugwera mudzi.

Kufikira pamene njanji inadutsa mu 1874, midziyi inkafikika pa boti kapena pa tinjira ta m'phiri. Mu 1997 bungwe la UNESCO linaika deralo pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse, ndipo mu 1999 boma la Italy linalisandutsa malo otetezedwa. Lero okhala m'midzi isanuyo ndi pafupifupi 4,000, pomwe alendo pa chaka ndi mamiliyoni angapo. Ambiri amafika pa sitima yapamtunda m'mawa, n'kubwerera madzulo a tsiku lomwelo.

Ndalama za alendo zasintha moyo wa midziyo, ndipo palibe angawadzudzule anthuwo chifukwa chosankha zopepuka. Kuchititsa lendi chipinda kapena kugulitsa ayisikilimu pafupi ndi siteshoni kumabweretsa ndalama msanga, msana usanathyoke ndi dengu la mphesa. Koma achinyamata atasiya makasu, gawo lalikulu la minda lasanduka tchire, ndipo khoma lopanda wolisamala limayamba kutupa, kenako limagwa. Zotsatira zake zinaoneka pa 25 Okutobala 2011, pamene mvula ya miyezi ingapo inagwa m'maola ochepa. Matope, miyala ndi mitengo zinatsika phiri, monga amachitira napolo ku Zomba kapena ku Phalombe, n'kukwirira msewu waukulu wa Vernazza kufika mamita pafupifupi 4. Monterosso nayo inaonongeka kwambiri, ndipo anthu anafa. Akatswiri amene anafufuza pambuyo pake anapeza kuti minda imene inali isanakhalitse kwambiri chisiyidwire ndiyo inagumuka kwambiri.

Apa m'pamene pali tanthauzo la tikiti imene mlendo amagula kuti ayende pa njira ya m'mbali mwa nyanja yolumikiza midziyo. Zina mwa ndalamazo zimapita ku ntchito yokonza njira ndi makoma. Palinso lamulo limene ena amaliseka: kuyambira 2019, woyenda m'tinjira ta m'phirimo atavala mapatapata akhoza kulipira chindapusa choyambira pa ma euro 50 kufika 2,500. Linabwera chifukwa opulumutsa anthu anatopa ndi kukatenga alendo othyoka miyendo amene anayesa kuti akupita kukapondaponda mchenga.

Kum'mwera kwa Naples kuli gombe lina lofanana ndi limeneli, la Amalfi, la makilomita pafupifupi 50, nalonso linalowa pa mndandanda wa UNESCO mu 1997. Amalfi lero ndi katauni ka anthu pafupifupi 5,000, koma zaka 1,000 zapitazo linali dziko lodzilamulira la amalonda, limene zombo zake zinkafika ku Constantinople ndi ku Egypt. Adani ochokera ku Pisa analifunkha mu 1135 ndi 1137, ndipo mu 1343 mafunde aakulu anaononga doko lake. Chotsala ndi tchalitchi chachikulu cha Andreya Woyera, luso lopanga mapepala ndi manja, ndi minda ya mandimu akuluakulu yopachikika m'mapiri. Vuto la kumeneko ndi msewu. Ulipo umodzi, SS163, wosemedwa m'thanthwe m'zaka za m'ma 1800 poganizira ngolo za akavalo, ndipo mabasi awiri akakumana pa kona imodzi imayenera kubwerera chambuyo. Kuyambira 2022, pa masiku otanganidwa, magalimoto a alendo amaloledwa mosinthana masiku, potengera nambala yomaliza ya pa chikwangwani cha galimoto, kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo. Wanzeru amasiya galimoto ku Salerno kapena ku Sorrento n'kukwera boti. Ndiponso kukongola kwa Positano kumaoneka bwino munthu akamaufika mudziwo kuchokera panyanja.

Chilumba chokhala pa ng'anjo

Ngati pali chithunzi chimodzi chimene chimaimira Mediterranean yense, ndi cha tchalitchi choyera cha denga lobulungira la buluu ku Oia, pa chilumba cha Santorini m'dziko la Greece. Chilumbacho n'chokhota ngati mwezi watsopano, ndipo kukhotako kuli ndi mbiri yoopsa. Cha m'ma 1600 Khristu asanabadwe, phiri la moto linaphulika pamenepo, pakati pake panatitimira, nyanja n'kulowamo. Phompho la mamita pafupifupi 300 limene alendo amaimapo pojambula dzuwa likamalowa ndi mlomo wa dzenje la phirilo. Phulusa linakwirira tauni ya Akrotiri, imene katswiri Spyridon Marinatos anayamba kuifukula mu 1967 n'kupeza nyumba zosanja, ngalande za madzi oipa ndi zithunzi zojambulidwa pa makoma. Mafupa a anthu sanapezeke, zomwe zikusonyeza kuti eni ake anathawa zisanavute.

Nyumba zambiri za pa phompholo ndi mapanga okumbidwa m'mwala wofewa wa phulusa. Ankakumba ndi amalinyero wamba amene analibe ndalama za matabwa pa chilumba chopanda mitengo, pomwe eni zombo ankamanga nyumba zazikulu pamwamba, pa malo abwino. Laimu ankapaka chifukwa anali wotsika mtengo, amapha tizilombo, ndipo amabweza dzuwa. Mtsinje palibe, choncho banja lililonse linkasunga madzi a mvula m'chitsime cha pansi pa nyumba. Ngakhale mphesa za kumeneko zimaonetsa kuvuta kwa malowo: alimi amaluka nthambi zake pansi ngati dengu kuti zipatso zibisale mkati, mphepo isaziwononge. Mu 1956 chivomerezi chachikulu chinagwetsa nyumba mazanamazana, anthu oposa 50 anafa, ndipo mabanja ambiri anasamukira ku Athens. Mapanga amene anasiyidwa nthawi imeneyo ndi amene lero asanduka zipinda za hotela zodula kwambiri.

Okhala pa chilumbacho ndi pafupifupi 15,500, koma alendo pa chaka amaposa 3 miliyoni. Mtolo wolemera kwambiri umabwera ndi sitima zazikulu zoyendetsa anthu okaona malo, zimene imodzi yokha imatha kunyamula anthu oposa 5,000. Sitimazo zimaima pakati pa dzenje lija, maboti ang'onoang'ono n'kumatutira anthu ku doko lakale la m'munsi mwa Fira. Kuchoka pamenepo njira zilipo zitatu: timagalimoto toyenda pa chingwe, masitepe pafupifupi 600, kapena msana wa bulu. Abuluwo anavutika mpaka boma linalamula mu 2018 kuti asasenzetsedwe zolemera kuposa makilogalamu 100. Mu Julayi 2024 mkulu wina wa khonsolo analemba pa intaneti kupempha eni chilumba kuti asayendeyende tsiku limenelo popeza kukubwera alendo a m'sitima 17,000. Anthu anakwiya, uthengawo unafufutidwa, koma mfundo inali itamveka: tsikulo alendo a maola ochepa anali ochuluka kuposa eni mudzi.

Chimene chimawawa eni malo n'chakuti mlendo wa m'sitima amagona m'sitima ndipo kawirikawiri amadyanso momwemo. Pa mtunda amasiya ndalama zochepa, koma amadzaza njira, zimbudzi ndi mabini. Madzi a m'mipope ambiri ndi a m'nyanja ochotsedwa mchere ndi makina, ntchito yodya magetsi ndi ndalama. Aphunzitsi ndi madokotala otumizidwa ku chilumbacho amavutika kupeza nyumba za lendi popeza eni nyumba amapindula kwambiri ndi alendo a masiku awiri. Mu 2025 akuluakulu anaika malire akuti alendo a m'sitima asapitirire 8,000 pa tsiku, ndipo boma la Greece linayamba kulipiritsa aliyense wotsika m'sitima ku Santorini ndi ku Mykonos ma euro 20 m'nyengo yotanganidwa.

Nthaka nayo imakumbutsa anthu kuti sinagone. Kumapeto kwa Januwale ndi mu Febuluwale 2025 zivomerezi zing'onozing'ono zikwizikwi zinagwedeza deralo, sukulu zinatsekedwa, ndipo anthu oposa 10,000 anachoka pa chilumbacho kwa kanthawi.

Tsidya la nyanja ya Adriatic, moyang'anana ndi Italy, kuli Dubrovnik m'dziko la Croatia, mzinda wozunguliridwa ndi linga la miyala la pafupifupi makilomita awiri. Kuyambira 1358 mpaka 1808 unali dziko laling'ono lodzilamulira lotchedwa Ragusa, limene linapulumuka pakati pa maufumu amphamvu podalira malonda ndi kuyankhula bwino. Mu 1377 akuluakulu ake analamula kuti ochokera kumadera a mliri azidikira masiku 30 pa malo apadera asanalowe mumzinda, ndipo lamuloli limawerengedwa kuti ndi limodzi mwa oyambirira a mtundu umenewu pa dziko lapansi. Mzindawo unagwa ndi chivomerezi mu 1667 n'kumangidwanso. Mu 1991 ndi 1992, pa nkhondo imene inaphwasula Yugoslavia, unazingidwa n'kuphulitsidwa ndi mabomba. Woyenda pamwamba pa linga amaona yekha kusiyana kwa matailosi atsopano ofiira kwambiri ndi akale ofuwirira, ndipo atsopanowo ndi amene achuluka.

Mabomba atalephera kuwachotsa anthu mumzindamo, lendi yawachotsa. Sewero la pa kanema la Game of Thrones litajambulidwa kumeneko, alendo anachulukirachulukira, nyumba zinasanduka zipinda zogona alendo, ndipo okhala mkati mwa linga anatsika kuchoka pa pafupifupi 5,000 mu 1991 kufika pa osakwana 2,000. Meya Mato Franković, amene analowa pa udindo mu 2017, anagwirizana ndi makampani a sitima kuti zizifika mosinthana, zosapitirira ziwiri nthawi imodzi. Mzinda umene unkadikiritsa zombo poopa mliri ukuzidikiritsanso, tsopano poopa khamu.

Kwina konse nkhani ndi yomweyo, kusiyana mayina okha. Venice inaletsa sitima zazikulu kudutsa pakati pa mzinda mu 2021, ndipo pa 25 Epulo 2024 inayamba kulipiritsa ma euro 5 alendo a tsiku limodzi pa masiku osankhidwa. Ku Barcelona anthu ochita zionetsero mu Julayi 2024 anathira alendo madzi ndi timfuti toseweretsa ana, ndipo meya Jaume Collboni analengeza kuti ziphaso za nyumba pafupifupi 10,000 zochititsa lendi alendo zidzatha pofika Novembala 2028. Ku Portofino kuli malo amene munthu woima nthawi yaitali pojambula akhoza kulipitsidwa. Ku Sardinia wotenga mchenga kapena zigoba za m'nyanja m'botolo kuti akaonetse kwawo amalipira chindapusa chofika ma euro 3,000. Ku zilumba za Baleares, m'dziko la Spain, maboti analetsedwa mu 2018 kuponya nangula pa udzu wa pansi pa nyanja wotchedwa posidonia, umene umayeretsa madzi ndi kugwira mchenga koma umakula masentimita ochepa okha pa chaka.

Sikuti malamulowa athetsa vuto. Otsutsa ku Venice amati ma euro 5 sanabweze munthu, angosandutsa mzinda kukhala ngati malo a zisudzo olowa ndi tikiti. Ndipo malo omwe akudandaulawo ndi omwenso sangadye popanda alendo: ku Croatia ntchito zokopa alendo zimabweretsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a chuma cha dziko, ndipo chaka cha 2020, pamene mliri wa Covid-19 unatseka malire, chinaonetsa mmene misewu yopanda alendo imasowetsera anthu mtengo wogwira. Chimene eni malo akufuna ndi mlendo wogona masiku angapo, wodya m'malesitilanti awo, wobwera m'miyezi imene zipinda zili zopanda anthu.

Kwa wofuna kupitako

Choyamba ndi nyengo. Kumeneko chilimwe ndi Juni mpaka Ogasiti, pamene ku Malawi kukuzizira, ndipo mvula imagwa m'miyezi yozizira. Julayi ndi Ogasiti ndiyo miyezi ya khamu, mitengo yokwera ndi dzuwa loswa mtengo. Cha pakati pa Ogasiti anthu a ku Italy eni ake amatseka maofesi n'kukhamukira kunyanja. Pa 11 Ogasiti 2021 pafupi ndi Syracuse, pa chilumba cha Sicily, kunatentha kufika madigiri 48.8, kutentha kumene sikunayezedwepo kwina kulikonse ku Ulaya. Mu Julayi 2023 moto wolusa unasamutsa anthu pafupifupi 20,000 pa chilumba cha Rhodes, ambiri mwa iwo alendo. Ku zilumba za Greece miyezi yomweyo kumawomba mphepo yamphamvu yochokera kumpoto yotchedwa meltemi, imene nthawi zina imaimitsa maboti. Meyi, kumapeto kwa Sepitembala ndi Okutobala ndiyo nthawi yabwino. M'miyezi iwiri yomalizayo madzi amakhala akadali ofunda.

Wozolowera mchenga wa ku Senga Bay kapena ku Chintheche akhoza kudabwa. Magombe ambiri otchuka, monga a Positano ndi Nice, ndi a timiyala, ndipo a ku Santorini ndi akuda, otentha mapazi masana. Ku Italy mbali yaikulu ya magombe ili m'manja mwa makampani amene amalipiritsa mpando ndi ambulera, malo aulere n'kukhala kachigawo ka kumapeto. M'malesitilanti ambiri a dzikolo muli kandalama kolipirira pokhala kotchedwa coperto, ndipo mahotela amaonjezera msonkho wa alendo pa usiku uliwonse. Midzi ya m'mapiriyi ndi ya masitepe: kuchoka pa siteshoni kukafika m'mudzi wa Corniglia pali oposa 370, ngakhale kuti kabasi kaliponso. Sutikesi yaikulu kumeneko ndi chilango. Ogona ku La Spezia, Salerno kapena m'midzi ya mkati mwa zilumba amalipira zochepa kusiyana ndi ofuna windo loyang'ana panyanja.

Gombe la kum'mwera lisaiwalike. Makilomita pafupifupi 20 kuchokera mumzinda wa Tunis kuli Sidi Bou Said, mudzi wa pa phiri wa makoma oyera ndi zitseko za buluu, umene unatetezedwa ndi lamulo kuyambira 1915, ndipo uli pafupi ndi mabwinja a Carthage. Kukongola kwake n'kwa mtundu womwewo, ndipo kuli mu Africa.

Ponena za mapepala, wokhala ndi pasipoti ya Malawi amafunika viza ya Schengen kuti alowe ku Italy, Greece, Spain, France, Malta ndi Croatia, imene inalowa m'gululi pa 1 Januwale 2023. Viza imodzi imagwira ntchito m'mayiko onse 29 a m'gululi kwa masiku osapitirira 90 pa masiku 180 aliwonse. Kuyambira Juni 2024 mtengo wake kwa munthu wamkulu ndi ma euro 90, osabwezedwa ngakhale pempho litakanidwa. Pamafunika inshuwalansi ya chipatala yosachepera ma euro 30,000, umboni wa kogona, wa ndalama ndi wa zomangirira munthu kwawo monga ntchito. Pempho limapita ku dziko limene munthu akakhaleko masiku ambiri, ndipo likhoza kuperekedwa kutatsala miyezi 6. Italy, Greece ndi Croatia alibe maofesi a kazembe ku Lilongwe, choncho n'kofunika kufunsa msanga kumene mapepala amalandiridwa. Kuyambira Okutobala 2025 mayikowa anayamba kujambula nkhope ndi zidindo za zala za alendo pa malire. Ndege yolunjika ku Ulaya kuchokera ku Lilongwe kapena Blantyre palibe. Ulendo umadzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, ndipo pafupifupi zonse zimalipiridwa ndi ndalama zakunja, zimene kuzipeza kwake wowerenga aliyense wa m'tauni akukudziwa.

Kulimba kwa malamulo a viza kukukhudzana ndi nkhope ina ya nyanja yomweyi. Chilumba cha Lampedusa ndi cha Italy, koma chili pafupi ndi Tunisia kuposa Sicily. Gombe lake la Spiaggia dei Conigli limatchulidwa kawirikawiri pakati pa okongola kwambiri ku Ulaya. Akamba a m'nyanja amaikira mazira pamenepo, ndipo m'chilimwe munthu amalembetseratu kuti alowe. Chapafupi ndi gombelo, pa 3 Okutobala 2013, boti lochokera ku Libya linagwira moto n'kumira, ndipo anthu 368 anafa, ambiri mwa iwo a ku Eritrea. Miyezi itatu izi zisanachitike, Papa Francis anali atapita pa chilumbacho, ulendo wake woyamba kunja kwa Rome, kukapempherera omwalira panyanja. Maboti otere akufikabe mpaka lero, nthawi zina pa doko lomwe pamanyamukira maboti a alendo okasambira.

Ena mwa owoloka mwa njira imeneyo afika mpaka ku mapiri a Cinque Terre. Mu 2018 UNESCO inazindikira luso loyala makoma a miyala popanda simenti kuti ndi chuma cha chikhalidwe cha mayiko asanu ndi atatu, kuphatikizapo Italy, Greece ndi Croatia, koma amisiri odziwa ntchitoyo atsala ochepa ndipo ambiri ndi okalamba. Pamwamba pa Manarola, mudzi umene Via dell'Amore imathera, pakhala ntchito yothandizidwa ndi ndalama za European Union yokonzanso minda yosiyidwa. Pakati pa ophunzitsidwa kusankha mwala, kuukhazika mopendekera kuphiri ndi kuthira timiyala kumbuyo kwake kuti madzi azidutsa, panali anthu a m'deralo osowa ntchito ndiponso anthu obwera kuchokera kumayiko ena.